Kaseti ya Toufik

Toufik amakhala khomo loyang'anana ndi langa, m'nyumba zosanjikizana za kuno ku Annaba, m'dziko la Algeria. Amayendetsa basi. M'mawa uliwonse asanapite, amakhazika bambo ake, a Belkacem, pakhonde n'kuwameta ndevu, poti manja awo amanjenjemera.

Ali mnyamata sanali wotere. Boma litaleka kupatsa anthu ntchito, fakitale ya zitsulo n'kuyamba kuchotsa antchito, iye ndi anzake ankangotandala atatsamira khoma la pansi pathu, tsitsi lili noninoni, akugulitsa ndudu imodziimodzi. Tinkawatcha ogwira khoma. Masiku amenewo kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, Ouarda, kudzawafunsa za moyo wawo, akujambula mawu awo pa kaseti.

Chaka chatha Ouarda anabweranso, imvi zitayamba, kuti aone kumene anyamata aja anathera. Kwa Toufik kulibe munthu wamkazi, choncho iye anandipempha, poti ndine mkazi, kuti ndikakhale nawo, ndizithira khofi. Toufik anali wosangalala. Anamuuza mlendoyo kuti khoma lija silinagwe ngakhale iye analisiya. Ndi iye yemwe anaumirira kuti timvere kaseti yakaleyo bambo ake ali pomwepo.

Poyamba tinaseka, kumva kamnyamata kakudzitama kuti kadzakwera sitima yapamadzi yopita ku Marseille, ku France. Kenaka mawu a Ouarda anafunsa chimene amaopa kwambiri.

"Kukhala ngati mdala wanga," anatero mawu a m'kasetimo. "Moyo wonse kuombera m'manja akuluakulu a chipani, lero amutaya ngati chitini. Ndikamuona pamzere wa ufa ndimapatuka, anzanga asadziwe kuti ndi bambo anga."

Ouarda anathimitsa, koma mochedwa. Toufik anangoti maso pa kapu yake. A Belkacem anandipempha shuga, n'kutakasa khofi wawo nthawi yaitali.

Kutacha ndinawaona pakhonde, thaulo lili m'khosi, akudikira. Toufik anali atazemba kusanayere. Anatuma wometa wa pamsika, koma iwo anamubweza. Masiku anapita, ndevu zinatuwa. Mwana ankabwera bambo atagona, chakudya n'kuwasiyira patebulo. Ine ndinkawapititsira msuzi masana, ndipo tsiku lina anandituma mawu kwa mwana wawo.

Ndinakumana ndi Toufik pamasitepe. Anandifunsa, akuyang'ana nsapato zake, ngati bambo anenapo kanthu. Kulankhula kumandivuta, koma ndinawapereka mawuwo monga ndinawalandirira.

"Akuti ankakuonani mukupatuka, achimwene. Sizachilendo kwa iwo. Akuti mubwere, ndevu zikuyabwa."

Anakhala pansi pomwepo, atagwira kumaso. Ine ndinalowa m'nyumba kuti ndisamuwonjezere manyazi.

Lachisanu m'mawa anali pakhonde ndi lezala lake. Tsiku limenelo anawacheka bambo ake pang'ono pachibwano. A Belkacem anamunena kuti ndi mmisiri wa khoma basi, kenaka anatembenuza tsaya linalo.