Chitini cha Mabatani cha a Nduna

A Nduna ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Ndi telala. Ali ndi mkazi mmodzi, ana atatu, makina awiri, ndipo kuyambira chaka chatha ali ndi mlandu umodzi m'mabuku a khoti.

Unduna wawo si wa boma. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha bokosi la ku positi, ati iwo ndi nduna ya za mapositi. Analitsegula kalekale, nthawi imene ankaitanitsa mabuku a masitayelo a masuti. Anthu atayamba kulemberana pa foni mabokosi ambiri anatsekedwa, koma lawo ayi. Motero aliyense wa mumsewumo amene anali ndi m'bale kunja ankapereka dzina la a telala ndi nambala ya bokosi lawo. Phukusi linkafika m'dzina lawo, mwini wake n'kumadziwika pambuyo pake.

Lachitatu lililonse m'mawa ankaphimba makina ndi nsalu, kuchotsa tepi m'khosi, kusita jekete, kumanga taye, n'kuuyamba wapansi wa ku positi. Akamasaina, ntchito inkaima. Siginecha yawo inali yaitali ngati sitima. Inkayamba ndi chilembo chachikulu chopotana, n'kudumpha mzere, n'kukathera pamalo a kalaliki. Kenaka ankaikhwatcha kunsi kawiri n'kuika timadontho titatu.

"A Nduna, pepalali ndi la boma," ankatero kalaliki wa pa windo lachiwiri. "Tisiyireniko malo ena."

Matenda awo enieni anali pakamwa. Sankafuna kuti anthu a pamzere adziwe kuti iwo ndi mtengatenga chabe. Kalaliki akafunsa, monga mwa ntchito yake, ngati phukusilo ndi lawo ndiponso ngati akudziwa za m'kati, ankayankha mokweza kuti ndi wa kumapeto yemwe amve: "Langa. Ndinaitanitsa ndekha." Mwa njira imeneyi anaitanitsapo okha mawigi asanu, nsapato za mwana wa zaka ziwiri, ndi zovala zam'kati za mayi wa pa saluni.

"Bambo inu, tsiku lina mudzasainira njoka," ankatero akazi awo.

"Njoka ilibe m'bale kunja," ankayankha, uku akudziyang'ana pa galasi la makasitomala.

Nyumba yachitatu kuchoka pa shopu mumakhala alamu awo, akulu awo a akazi awo. Ndi amasiye, ndipo msana unawavuta kalekale. Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito kunja, yosamalira okalamba. Awiriwa, a Nduna ndi alamu, akakumana ankangonyogodolana. Tsiku lina alamuwo anafika pakhonde la shopu atagwira m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, a mimba ngati pilo?"

"Ndadzuka, mkazi wanga wamkulu. Mwabwera kudzandiyang'ana kapena kudzasoketsa ulere?"

"Ndani angakuyang'aneni inu? Kukubwera kaphukusi kanu. Mwana wanu uja wakutumizirani mabatani."

"Mabatani akunja?"

"Akunja. Koma mukatenga musatsegule. Mundipatse kaye ine, ndikufuna chitinicho."

A Nduna sanamve mawu otsirizawo. Anali atayamba kale kuganiza za jekete imene adzaikepo mabataniwo.

Chimene alamu sananene ndi ichi. Nkhalamba imene mwana wawo ankaisamalira inamwalira, n'kusiya mapilitsi a ululu waukulu, aja amene munthu sapatsidwa popanda kalata ya dokotala. Mwanayo anakumbukira msana wa mayi ake. Pa katoni panali dzina la malemu, choncho anawatulutsa, n'kuwachotsa m'timapepala tawo limodzilimodzi, n'kuwathira m'chitini pamodzi ndi mabatani oyera a malaya. Ankati ukagwedeza chitini, batani ndi pilitsi zimalira mofanana. Pa fomu analemba kuti: mabatani a telala, mphatso. Mayi ndi mwana anaona kuti nzeru imeneyi ndi yakuya. Sanadziwe kuti ku ofesi ya katundu wochokera kunja sagwedeza. Ali ndi makina oona m'kati.

Lachitatu lotsatira a Nduna anapeza m'bokosi kapepala kofiira, osati kachikasu ka masiku onse. Kalaliki anakawerenga osaseka.

"Lero si pa windo, a Nduna. Mulowe khomo la kumbuyo."

Iwo anaganiza kuti boma lazindikira tsopano kuti si munthu wa pamzere. Anakonza taye, n'kuwagwedezera mutu a pamzerewo podutsa.

M'chipindamo munali tebulo lachitsulo, sikelo, ndi mipando itatu. Mayi wina wa magalasi, woona za katundu wochokera kunja, anakhala kuseri kwa tebulo. Pakona panali bambo wa malaya wamba akuwerenga nyuzipepala. Phukusi linali patebulo. Anawapatsa mpando. Zaka zonsezi ku positi anali asanapatsidwepo mpando.

"Phukusili ndi lanu, bambo?"

"Langa. Ndinaitanitsa ndekha."

"Mukudziwa za m'katimo?"

"Chilichonse. Ine sindiitanitsa chinthu chosachidziwa."

Mayiyo anavula magalasi. Anali munthu wachifundo, ndipo anawatsegulira khomo lothawira. "Taganizani bwino, bambo. Palibe amene anakupemphani kuti mumulandirire?"

A Nduna anawawidwa mtima. "Mayi, mukandiona ine ndikuoneka ngati wotumidwa? Dzina ndi langa, bokosi ndi langa, katundu ndi wanga. Bweretsani pepala."

Pepala linabwera. Anasaina yonse, mpaka timadontho titatu. Bambo wa pakona uja anapinda nyuzipepala yake.

Mayiyo anadula tepi, n'kutsegula chitini, n'kukhuthulira zonse mu thireyi. Anayamba kusankha ndi nsonga ya cholembera: za mabowo kumanja, zopanda mabowo kumanzere. Mulu wa kumanzere unakula kuposa wa kumanja.

"A telala," anatero bambo uja, ataima kumbuyo kwa mpando wawo, "awa opanda mabowowa mumasoka bwanji?"

Pamenepa munthu wanzeru akanakhala chete. A Nduna anatola limodzi, n'kuliyang'ana pa kuwala ngati katswiri. "Sitayelo yatsopano. Kunja anasiya kusoka. Amamata."

Bamboyo anatulutsa chiphaso chake. Anali wapolisi. Anawauza mwachidule kuti amenewo ndi mankhwala amene lamulo limawayang'anira, ndipo kuwalowetsa m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu wokhoza kutsekeretsa munthu zaka. Positi si njira yozembera, ndi chipata ngati china chilichonse. "Dzina lanu, bokosi lanu, pakamwa panu, dzanja lanu. Mwatipeputsira ntchito."

Mapilitsi anakwana mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Mabatani anali makumi anayi.

Ku polisi anawalanda taye, lamba ndi zingwe za nsapato. Munthu amene wakhala akuyeza m'chiuno mwa anzake moyo wake wonse analowa m'chitolokosi atagwira thalauza ndi dzanja. M'mawa mwake akazi awo anabwera ndi tiyi m'fulasiki. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zoyasama zija.

"Ati mwayamba malonda ena, bambo."

"Mayi, si nthawi ya nthabwala ino. Pitani kwa akulu anu. Abwere adzanene."

Anapita. Anapeza alamu atagona, atamanga mutu ndi duku, msana utakwera mwadzidzidzi mpaka m'khosi.

"Ine ndinati mabatani," anatero akuyang'ana kukhoma. "Zinazo sindikuzidziwa."

Ankadziwa. Ankaopa kuti akatsegula pakamwa mwana wawo ntchito imuthera kunjako, mwinanso amangidwa. Akhale chete, mlamu wawo apita kundende. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Patatha masiku awiri a Nduna anatuluka pa belo. Mumsewu munali zii. Wometa anayang'ana kumbali, mayi wa pa saluni anangoti "pepani" ali patali. Loya amene anamupeza anali mtsikana amene iwo anamusokerapo yunifomu ya pulayimale, ndipo ankawalankhula mosapsatira.

"Agogo, mawu oti sindinkadziwa amathandiza munthu amene sananene kuti ndikudziwa chilichonse. Inu munanena kawiri, pamaso pa anthu awiri a boma, n'kusainira."

"Ndiye titani, mwana wanga?"

"Tikauze khoti kuti ndinu wabodza."

"Ukuti chiyani?"

"Tiitana kalaliki, tiitana a mumsewu wanu. Akanene kuti mumanena choncho pa phukusi lililonse, ndipo palibe limene limakhala lanu. Mukavomere nokha ndi pakamwa panu. Komabe popanda amene anatumizitsa mankhwalawo, zingathe kuvuta."

A Nduna anafunsa ngati palibe njira ina. Loyayo anati ilipo, ndipo kumeneko yunifomu amapereka yaulere, yosayeza.

Za alamu, amene anazitenga ndi akazi awo a Nduna. Sanakuwe, sanaitane abale. Anangomanga kachikwama, n'kukalowa m'nyumba mwa akulu awo, n'kukhala pampando wa pafupi ndi bedi.

"Kwagwanji, iwe?"

"Palibe, achemwali. Ndabwera kudzazolowera. Bambo aja akatsekeredwa ndizikhala kuno. Tidzakhala awiri osowa amuna."

Anakhala masiku atatu. Ankadya pamodzi, ankawasisita msana, ndipo nthawi iliyonse akulu awo akatembenuka ankapeza maso ali pa iwo. Tsiku lachinayi alamu anapisa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa foni, n'kuiponya pabedi.

"Tenga. Uthenga wa mawu uli momwemo. Ndipite ndikanene, mwina uchoke m'nyumba mwanga."

Tsiku la mlandu khoti linadzaza. Anthu a mumsewu wonse anabwera, ena ngati mboni, ambiri kudzangomva. Kalaliki ndiye anayamba. Ananena za mawigi. Ananena za nsapato za mwana. Atafika pa zovala zam'kati, mayi wa pa saluni anabisa nkhope m'chikwama, woweruza n'kumenya tebulo kuti anthu akhale chete.

Kenaka loya anawaimiritsa a Nduna.

"Pa zaka khumi zapitazi, ndi maphukusi angati amene anali anu enieni?"

"Zimatengera kuti mukuwerenga bwanji."

"Tiwerenge mwa masiku onse, agogo. Angati?"

A Nduna anayang'ana kudenga. Anayang'ana akazi awo. Anayankha motsitsa.

"Khoti silinamve," anatero woweruza. "Ku positi akuti mumakweza mawu."

"Palibe, bwana."

Alamu analowa ndi ndodo, akubuula pa sitepe iliyonse. Anavomera kuti mankhwalawo anali awo. Foni inaikidwa pafupi ndi chokuzira mawu, ndipo liwu la mwana wawo linamveka m'khoti monse: "Amayi, ndatumiza. Mukatsegule nokha. Bambo aang'ono asaone, pakamwa pawo mukupadziwa, mawa msewu wonse udziwa."

Apa ngakhale wapolisi uja anaseka. A Nduna sanaseke. Uthenga umenewu ndi umene unawapulumutsa, ndipo mpaka lero safuna kuumvanso.

Woweruza anati wakhutira kuti bamboyu sankadziwa za mankhwalawo. Koma anati kunamiza wantchito wa boma pa katundu wolowa m'dziko ndi mlandu pawokha, ndipo munthu wosainira chinthu chimene sanachione asamadabwe akachipeza chili ndi mano. Anawapatsa chilango choimika: akalakwanso m'zaka ziwiri, akalowa. Alamu anapezeka olakwa pa mlandu wa mankhwalawo. Ukalamba ndi msana zinawathandiza, analipitsidwa chindapusa. Nkhani inatumizidwa kunja, ndipo mwana uja ntchito inamuthera. Mapilitsi anawotchedwa. Mabatani makumi anayi anakhala umboni, sanabwezedwe.

Potuluka, a Nduna anayesa kuwathandiza alamu kutsika masitepe.

"Gwirani apa, mkazi wanga wamkulu."

"Ndisiyeni. Mukanangotseka pakamwa panu."

"Ine? Inu ndi amene munandisandutsa dokotala osandiuza!"

"Mukadakhala munthu wosunga chinsinsi ndikadakuuzani."

"Nonse awiri khalani chete," anatero akazi awo, "anthu akutiyang'ana."

Kwatsala miyezi khumi ndi isanu kuti chilango chija chithe. Alamu amakalandira mankhwala awo ku chipatala ndi kalata ya dokotala, ndipo zovala zawo amakasoketsa kwa telala wina kuseri kwa msika.