Mchere umene adadi anabwereketsa

Fungo la majekete a kaunjika limandibwezera ku Kilimani, kudziko la eni kumene tinkakhala, m'kanyumba kathu ka pamwamba pafupi ndi Ngong Road, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali Januwale, dzuwa likuswa mtengo, fumbi la maminibasi otchedwa matatu likulowa mpaka m'makatani, koma amami anali atayanika majekete okhuthala pakhonde kuti fungo la m'belo lichoke. Mlonda wa pageti ankatiseka. Ife sitinkasamala, chifukwa tinali paulendo wopita kwa adadi, kudziko lozizira. Chinatsala ndi mapepala okha, ndipo mapepalawo ankadalira kuti adadi amalize chaka pantchito yawo yatsopano.

Ntchitoyo inali yogulira khonsolo ya mzinda wina mchere wothira m'misewu. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, amami ankatsamiritsa foni pachitini cha shuga, adadi n'kumatifotokozera. Mcherewo ankauitanitsa nyengo yotentha, unkabwera pa sitima zapamadzi, n'kuunjikidwa m'shedi yaikulu ngati chulu. Chipale chofewa chikagwa, malole ankauwaza m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, magalimoto asaterereke. Amami zinkawapweteka mumtima. Anakulira ku Ntchisi, kumene mchere ankauyeza ndi kasupuni, ndiye nkhani yoti anthu amauthira pansi dala, matayala n'kumaupondaponda, ankaimva ngati yamisala.

Lamlungu lina adadi anaoneka osangalala. Tauni yoyandikana nawo mchere unawathera, ndipo anaimba foni kupempha. Bwana wa adadi anali patchuthi. Adadi anasayina okha, malole n'kunyamula pafupifupi theka la mulu uja.

"Mabwana akudziwa zimenezi?" anafunsa amami.

"Adzabweza sitima yawo ikafika. Mayi a Tadala, munthu wabwera kudzapempha mchere, ungamubweze chimanjamanja? Kwathu ndani anachitapo zimenezo?"

Amami nawonso ankatero. Mayi wina wa chitseko choyang'anana nafe ankatitumizira mwana wake ndi kambale kudzapempha mchere, ndipo amami sankafunsa n'komwe kuti ubwera liti. Ine ndinkawanyadira adadi. Kusukulu ndinauza anzanga kuti bambo anga anapulumutsa tauni yonse, ndikuwonjezerako zina zanga.

Koma chisanu cha chaka chimenecho sichinathe msanga. Doko linaundana, sitima zonse zinaima panja. Adadi anayamba kuoneka pafoni maso ali psuu, ndevu zosameta. Ankanena zosakaniza mchere wotsalawo ndi mchenga, zosankha misewu yothira ndi yosiya. Kenako anasiya kuyatsa kamera. Amami ankatenga foni n'kukadzitsekera kuchipinda, ine n'kutsala ndi mpunga wozizira ndi phokoso la mahutala a mumsewu. Akatuluka ankapita kubafa kukasamba kumaso, n'kundiuza kuti ndi chimfine cha fumbi.

Adadi anabwera mvula ya Malichi itayamba, ndi chikwama chimodzi. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwakulira. Ndinawathamangira pamasitepe, ndipo anandigwira kwa nthawi yaitali mpaka ndinayamba kudzikoka. Za ulendo wathu palibe anazitchulanso. Masana amami akapita kuntchito ku Hurlingham, adadi ankakhala pawindo kuyang'ana madzi akuyenda mumsewu, tiyi akuzizira pambali. Ndinakwiya nawo masabata angapo. Ndinali nditatsanzika kale anzanga, ndiye kubwereranso m'kalasi momwemo kunandichititsa manyazi koopsa. Tsiku lina ndinawafunsa mwamwano kuti anathawiranji kuzizira pamene anthu ena amapirira. Anangoti, "Pepa, mwana wanga."

Ndinakula ndikukhulupirira zomwezo, kuti adadi kuzizira kunawakanika. Zoona zake anandiuza okha ndili wamkulu, iwo atadwala kale. Pa misewu imene anasiya osathira panali wina wotsetsereka. M'mawa wina namwino wopita kuntchito anatererekapo ndi galimoto lake, n'kufera pomwepo. Anasiya ana awiri, wamkulu msinkhu wanga. Ntchito inathera pamenepo, koma adadi za ntchito sanazidandaule. Mayina a anawo ankawadziwa onse, ndipo ankawatchula m'pemphero chaka ndi chaka ife osazindikira kuti ndi ndani.

Ndinawauza kuti sankadziwa, kuti anachita monga anawalerera. Anapukusa mutu.

"Si zimenezo, Tadala. Ndadzifunsa zaka zonsezi kuti a tauni ija atandiimbiranso lero ndingawamane kodi. Mpaka pano yankho sindinalipeze."