Kuseri kwa Golo ku Chidzolomondo

Amuna anga anagwira pagolo m'timu ya kwathu ku Tsangano kuyambira tisanakwatirane mpaka titaona mdzukulu woyamba. Anzawo ankabwera n'kupita, ena kukalima fodya, ena kukasaka ntchito ku Tete, iwo ali pomwepo pakati pa mitengo iwiri. Anthu ankati ndi okhwima. Kukhwima kwake kunali kwa ine, mkazi wawo.

Malaya awo osewerera ndinkachapa ndekha, ndipo ndinkayanika m'nyumba. Kudambo kuli maso ambiri, ndipo munthu woipa mtima ulusi umodzi umamukwanira. Tsiku la mpira sankadya kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mlongo wawo. Madzi ndinkawanyamulira ine m'chigubu, n'kukaima nacho kuseri kwa golo. Anthu anazolowera kundiona pamenepo ngati chitsa.

M'zaka zomalizira diso lawo lakumanzere linayamba kuchita chifunga. Ndinazindikira tikukumba kachewere. Ndinawapatsira khasu chakumanzere, iwo osaliona. Ndinabwerezanso, chimodzimodzi.

"Mwayamba liti kusaona mbali iyi?" ndinafunsa.

"Ndi fumbi chabe," anatero, akuyang'ana kumbali.

Patapita masiku, iwo eni anati apite kuchipatala. Amene anawaletsa ndine. Enifermero, namwino wa pachipatalapo, anali mmodzi wa akuluakulu a timu, ndipo mphwake anali atadikira zaka zambiri kuti agwire pagolo. Ndinati mukangomuonetsa disolo, Lamulungu likudzali mukaonerera mpira muli panja. Anandimvera.

Tinapangana njira yathu. Mpira ukamabwera m'mwamba kuchokera kumanzere kwawo, ine ndinkagogoda chigubu ndi kamwala, iwo n'kutembenuza mutu wonse kuti diso labwino liupeze. Tinachita zimenezo zaka ziwiri popanda wodziwa.

Kenaka tinaitanidwa kukasewera ku Chidzolomondo. Tinakwera galimoto yonyamula feteleza, ine chigubu chili pamiyendo. Chigawo choyamba ndinagogoda katatu, ndipo katatu konse mpira unathera m'manja mwawo. Koma panali bambo wina wachikulire, wa komweko, atatsamira njinga, amene sankaonera mpira. Ankaonera ine.

Pa nthawi yopuma anabwera ndi azibambo anayi komanso mphunzitsi amene ankaimba wezulo.

"Mayi, m'chigubumo muli chiyani?" anafunsa wa njingayo.

"Madzi."

"Imwani tione."

Ndinamwa.

"Madzi amagogodedwa? Kwanu ku Tsangano madzi amayankha?"

Ena anaseka, koma iye sanaseke. Anati mankhwala anga ndi amene akutseka golo, ndipo ndikapanda kuchoka mpira uthera pomwepo. Mmodzi anali atayamba kale kuwaza mchere pamitengo ya golo. Ndinayang'ana anthu athu. Palibe anandiikira kumbuyo. Enifermero uja anangoti, "Amayi, chokanipo, tingamenyedwe kwa eni kuno." Kunena zoona kukanandipulumutsa, koma kukanawavula amuna anga pamaso pa gulu.

"Pitani, make ana," anandinong'oneza amuna anga. "Ndikuona bwinobwino."

Anandiimika chapakati m'mbali mwa bwalo, m'khamu la amayi a komweko, chigubu atandilanda. Mpira woyamba wochokera kumanzere unawadutsa pamutu n'kugunda mtengo wapamwamba, iwo asanasunthe n'komwe. Ndinamva wina kumbuyo kwanga akuti, "Mwaona? Mankhwala asukuluka." Wachiwiri ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'phokoso la ng'oma. Osewera a komweko nawo anali ataona mbali yofewa, mipira yonse ankaiponyera kumeneko.

Wachitatu unali wapakona. Amuna anga anatuluka kukaulanda, koma anatuluka mongoganizira. Munthu amene ankathamangira mpirawo sanamuone. Mitu inagundana, phokoso lake ndinalimva pamene ndinaima. Mpira unalowa, iwo ali gone pansi.

Pamene ndinkafika, enifermero anali atawakhazika kale. Anawaphimba diso lakumanja ndi chikhatho, n'kuimika zala.

"Zingati izi, akulu?"

Amuna anga anaphethiraphethira diso lakumanzere, magazi akutsika patsaya. Anthu anali atatizinga, athu ndi a komweko.

"Izi si za lero," anatero enifermero, mawu atatsitsa. "Zinayamba liti?"

Amuna anga anatembenuza mutu wonse kuti andipeze.

"Zaka ziwiri," ndinayankha ine.

Enifermero uja anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti amwetulire, poti zimene ankafunira mphwake zinali zitatheka. Sanamwetulire. Amuna anga anavula malaya aja, amene palibe dzanja lachilendo linawakhudzapo, n'kupatsa mphwake wa enifermero. Iwo anakakhala pansi pa mtengo wa bulugamu mpaka mpira unatha.

Kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu ku Tete analemba enifermero yemweyo. Ine ndinakaiwerengetsa kwa anthu awiri osadziwana tisananyamuke, kuopa kuti mwina walembamo zina. Munalibe choipa. Ku Tete anatiuza kuti tachedwa, tikanabwera chifunga chitangoyamba akanayesapo kanthu.

Amuna anga sananditchulirepo nkhaniyi mpaka kumwalira kwawo. Koma kuchokera tsiku limenelo, popita kumunda kaya kutchalitchi, ankandiyendetsa kumanja kwawo, kumene ankatha kundiona.