Ulesi wa Amake Paulo

Kuno ku Chipata mkazi amadziwika ndi pabwalo pake. Usese m'mamawa mpaka dothi lichite kuwala, kaudzu kakangosuzumira uzule. Ndiye Amake Paulo, dzina lawo Dolika, atasamukira m'komboni yathu kuchokera ku Chipangali mu 1993, anthu anagwira pakamwa. Mayi wamasiye wamphamvu zake, koma pabwalo kapinga yekhayekha! Kumalire anabzala nsenjere mzere wopingasa, ndi nthochi m'mayenje.

"Ulesi winawu ndi wochita kubzala," ankatero amayi pampopi.

Nyumba ya Amake Paulo inali kumtunda, m'tsinde mwa phiri. Yanga, ya njerwa zosawotcha, inali kumunsi kwake. Mvula ikagwa, madzi ankathamanga pamabwalo osesedwa bwino aja n'kudzamenya khoma langa lakumbuyo. Linadyeka kunsi, mng'alu wake wolowa dzanja. Amuna anga anapita ku Lusaka osabwerako. Khomalo likanagwa, ine ndi ana atatu tikanalowera kuti?

Chakumapeto kwa 1996 Amake Paulo anadwala malungo. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi makasu ndi matsache, akuimba. Nanga wodwala timamuthandiza bwanji, si kumulambulira pakhomo? Khasu loyamba litangolira pa nsenjere, mwiniwake anatuluka chokwawa, atafunda chitenje.

"Lekani, amayi, chonde lekani!"

"Iii, Amake Paulo, musachite manyazi," anatero Amayi Sesiliya, mtsogoleri wawo. "Njoka zikulowerani m'nyumba."

"Njoka ndipha ndekha. Mukazula udzuwu madzi muwaimitsa ndi chiyani? Taonani khoma ilo. Mumagona ana m'menemo."

Analoza nyumba yanga. Ine ndili chilili pakhonde panga. Ndinkaona ndithu kuti madzi achepa zaka zimenezo, koma ndinkati ndi mwayi. Chonsecho nyumba yawo madziwo sankaikhudza n'komwe. Dzina loipa lija ankalisenzera ine, osandiuza.

Amayi aja anatsitsa makasu. Poti anabwera kale, anatunga madzi, kuchapa, n'kumapita.

Januwale anabwera ndi chimvula chosaona kutsogolo. Njira zinasanduka mitsinje, zimbudzi kugwa. Masanasana ndinaima kuseri kwa nyumba, ndikunyowa, maso kumtunda. Madzi ofiira anatsika mwaukali, kulowa m'kapinga, kukodwa mu nsenjere, otsala n'kudikha m'mayenje a nthochi. Pakhoma langa anafika ochepa ngati otsukira mbale. Ndinalira, abale, osachita manyazi.

M'mawa mwake ndinakwera ndi nkhuku m'khwapa, ndinagwada.

"Amake Paulo, ndithokoze bwanji ine?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Nkhukuyo kadyetseni ana, Amake Ruth."

Anatenga khasu, kukumba kapinga ndi mizu yake, n'kundidzazira lichero.

"Kumunsi kwanu kulinso anthu."

Ndinabzala tsiku lomwelo. Pampopi sanachedwe kumva. Akuti aulesi m'komboni muno tilimo awiri, ndipo ine akandiitana choncho ndimavomera mokweza.