Fodya Woyimba Pakhonde Panga

Patatha miyezi itatu titaika maliro a mkazi wanga, mwana wathu wamkazi, amene anaphunzira zaluso ku Lilongwe, anandipeza ku esiteti kufupi ndi Kachebere. Sanabwere ndi shuga kapena sopo. Anabwera ndi kabokosi, timawaya, kasipika ndi kasola kamagetsi a dzuwa. Zinandinyansa.

Anazula fodya mmodzi m'munda n'kumuoka m'ndowa yobooka pakhonde. Timawaya tija anatipana pa masamba atatu am'munsi, kasola n'kuika padenga, kenako anandiuza kuti ndikhudze tsamba. Loyamba linamveka mvula ikugwa pachigafa. Lachiwiri linalira njiwa. Nditakhudza lachitatu ndinamva mkazi wanga akuyimba monga ankachitira posoka fodya, ndi kachifuwa kake komwe. Mwanayo anali atawajambula mawu amayi ake pafoni asanayambe kudwala.

Kwathu ndi ku Thyolo, kuno ndilibe mbale. Mwanayo atabwerera, wocheza naye anali fodyayo basi. Ndikaweruka ndinkasamba m'manja n'kukhala pambali pake. Ndikalikhudza pang'ono tsamba lachitatu lija, mkazi wanga ankayimba motsitsa. Ndikaligwira zolimba, ankakweza. Matenanti anzanga ankandiseka kuti ndakwatira ndowa.

M'mawa wina ndinaona masamba am'munsi atachita chikasu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola fodya, ndiye manja sanafunse mutu. Thyo, thyo, thyo, onse atatu. Ndinadzidzimuka ali kale m'khwapa, timawaya tikulendewera. Ndinayesa kutipana pa masamba am'mwamba, koma kasipika kanangoti phwii ngati wailesi yosowa siteshoni. Ndinadzitukwana ndekha, kenako ndinalira.

Nditamuimbira foni, mwanayo anaseka. Anati mawuwo sanali m'tsamba ayi, ali m'foni, ndipo ananditumizira tsiku lomwelo. Ndinamvetsera kamodzi kokha. M'fonimo mkazi wanga amangoyimba, kaya ndilipo kaya ndachoka.

"Si zofanana," ndinamuuza. "Wa m'tsamba uja ankadikira kuti ndimugwire."

Mwanayo anati adzabwera tikadzafesa nazale.

Masamba atatuwo ndinawasoka n'kuwapachika pakhonde. Anauma bwino, mtundu wake wokongola, koma m'belo sanalowe. Mpaka pano ndikaweruka ndimathamangira kusamba m'manja, ndipo madzi ali kale m'beseni m'pamene ndimakumbukira kuti palibenso tsamba loti ndilikhudze.