Nyimbo zopanda woyimba m'chigafa

Amuna anga ndiwo ankayambitsa nyimbo mu kwaya ya kumpingo kwathu ku Santhe, ndipo pa kusankha fodya panalibe wowaposa m'mudzi muno. Chaka chimene anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka, mawu nawo anakana kutuluka. Titabwera kuchipatala anangodzitsekera m'nyumba. Adokotala anali atandichenjeza kuti akamangogona, ziwalo zidzaumiratu. Ndikawanyengerera kuti atuluke, ankatembenukira kukhoma.

Ndinayesa kuwaikira nyimbo za kwaya pa wailesi yathu ya sola. Apo ndinalakwa. Milomo yawo inkayesa kutsatira, mawu osabwera, misozi n'kuyamba kutsika. Ndinazimitsa.

Fodya wathu wa bale anali atauma m'chigafa, ntchito yosankha inandigwera ndekha. Bale timasankha m'mamawa chinyontho chikadalipo, poti dzuwa likakwera masamba amathetheka. Mwana wathu wamkazi wa ku Lilongwe atabwera kudzaona bambo ake, anandisiyira kamemore ka nyimbo kuti ndizimvera pogwira ntchito. M'mawa mwake ndinakalowetsa m'wailesi. Kunayamba kaphokoso ngati mphepo ikulowa m'udzu wa denga, kenako gitala kulira pang'onopang'ono, ng'oma n'kubwera pambuyo ngati ngolo pamsewu wa mabampu. Ine ndinadikira woyambitsa nyimbo. Kwathu kuno zoimbira zimangolambula njira, mwini nyimbo amabwera pambuyo. Ndinasankha mulu wonse, woyimba osafika.

Ndinamuimbira foni mwanayo. "Iwe, kanthu kako kaja n'kowonongeka. Oyimba onse afufutika."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, mulibemo oyimba. Ndi chimbale cha azungu akalekale. Ankafuna womvera azimva ngati akuyenda pakati pa nyenyezi."

"Nanga chikutamanda ndani?"

"Zimenezo muikemo nokha, amayi."

Kamantha kanandigwira, chifukwa nyimbo yosatchula mwini wake sudziwa kumene ikukutengera. Ndinapemphera, n'kukumbuka kuti nyenyezizo anazilenga ndi Mulungu yemweyu. Ndinamveranso, ulendo uno osadikira munthu. Ndi pamene ndinamva zimene zinandidutsa poyamba. Pali pena phokoso limakwera ngati ndege, n'kuzimiririka, kutsala kamawu kamodzi ka limba kakunjenjemera. Umaganiza kuti yatha, koma gitala uja amabwerera, zinzake n'kumutsatira chimodzichimodzi.

Tsiku lachinayi ndinamva ndodo ikugogoda pansi kunja kwa chigafa. Anali amuna anga, atavala malaya mopotoka. Anaima pakhomo, khutu lili kuwailesi. Ndinayang'ana milomo yawo: inali phee, panalibe choti itsatire. Ndinawakokera mpando pang'onopang'ono, kuopa kuwathawitsa. Anakhala mpaka chimbale chinatha, chala chakumanzere chikugunda pabondo.

Mawa lake anabweranso. Ali chikhalire, anatambasula dzanja lamanzere, kusolola tsamba pamulu wanga wa masamba ofiirira, n'kuliponya pa oyezuka. Anasololanso lina. Kenako anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira munthu akaphonya nyimbo ku kwaya.

"Pepani bambo," ndinatero, "ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikusakaniza eti?"

Anagwedeza mutu, theka la pakamwa likumwetulira, n'kundilozera kuti ndiwasendezere mulu wonsewo.

Fodya wa chaka chimenecho tinamaliza awiri, iwo kusankha, ine kumanga timitolo. Chimbale chikatha kawiri tinkadziwa kuti dzuwa lakwera, tiweruke. Amayi anzanga akumpingo amandiseka, ati ndimamvera nyimbo za m'ndege. Ndimaseka nawo, mumtima ndikuthokoza Ambuye. Mawu a amuna anga sanabwerere onse, koma pano amayenda okha mpaka kudimba. Nyengo yosankha ikafika ndiwo amayamba kudzuka, wailesi ili m'khwapa, n'kugogoda chitseko ndi ndodo kuti ndifulumire chinyontho chisanathe.