Mzere wa Kompyuta Yochedwa

Kompyuta yokalamba imathamanga ndi sisitimu yakale, koma ukaiikira yatsopano imakwawa. Izi ndinazidziwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, m'giredi 9 ku Kakumbi, ndipo ndinazibisa.

Sukulu yathu inali ndi makompyuta awiri ofanana, osiyidwa ndi alendo a ku loji. Aphunzitsi athu, a Mbewe, anaika sisitimu yatsopano m'imodzi, inayo anaisiya ndi yakale. Tonse tinkalimbirana yatsopanoyo chifukwa cha zithunzi zake zowala. Ine ndinkakonda kuyeza zinthu, choncho ndinabwereka wotchi ya atate. Yakale inkayaka m'mphindi imodzi. Yatsopano inkatenga mphindi zisanu ndi imodzi, fani ikulira ngati chigayo, ndipo ukalemba mawu unkadikira kuti zilembo zioneke.

Tsiku la mayeso a kompyuta anatigawa m'mizere iwiri. Ine ndinagwera ku yatsopano, Tisa ku yakale. Tisa tinkakhala naye desiki imodzi, ndipo pa masamu ankandiposa. Kwawo kunali kuseri kwa minda, kumene njovu zinkadutsa dzuwa likapendeka. Ana a kumeneko ankanyamuka pamodzi 16 koloko isanakwane.

"Tisa, tisinthane," ndinatero. "Yatsopano ndi ya anzeru ngati iwe."

"Wadya chiyani lero, kukoma mtima chonchi?" anaseka, n'kusamuka.

Ndinamaliza 14 koloko. Mzere wake unkasuntha munthu mmodzi wathu utasuntha atatu. Anafika pampando nthawi itatha kale, m'chipinda mukununkha fumbi lotentha. Kompyuta inauma osayendanso, a Mbewe anaizimitsa n'kuiyatsanso. Mlongo wake wa Tisa anaima pawindo.

"Tiye, anzathu apita. Dzulo njovu zinali m'munda wa a Sakala."

"Aphunzitsi, ndingabwere mawa?" Tisa anafunsa.

"Pepala ndi la lero, mwanawe."

Tisa anayang'ana sikirini ikadali yakuda, natola chikwama. Phunzirolo analephera, ndipo malo a giredi 10 anamuphonya pang'ono. Chaka chotsatira anakwatiwa ku Chinzombo. Sanandifunsepo kanthu.

Ntchito yanga tsopano ndi kufufuza zinthu n'kuzilemba. Ndazindikira kuti choona chimene wachidziwa n'kuchisunga wekha chimavulaza mnzako ngati bodza.

Tisa amagulitsa tomato pamsika wa ku Mfuwe. Mwezi wamawa ndipita kwathu, ndipo ndikamuuza chifukwa chake tinasinthana mizere.